Makoma Atatu a Nyani

Kalekale, abale anga, nyama zikadayankhula ngati ife, Mkango anafuna kuwoloka nyanja yamchere. Ngalawa za masiku amenewo zinkadikira mphepo, ndipo Mkango sankakonda kudikira.

Nkhalamba ina, Katumbu, yodziwa madzi, inajambula sitima pamchenga. Sitima yachitsulo. Pansi pake ng'anjo ya malasha yowiritsa madzi, nthunzi n'kumazunguza mawilo awiri opalasa, utsi n'kumatulukira pachumuni.

"Koma m'katimu muimike makoma atatu achitsulo, kuchokera pansi mpaka kudenga," anatero Katumbu. "Sitima ikabooka, madzi adzadzaza chipinda chimodzi chokha, zotsalazo zidzakuyandamitsani."

Chaka chomwecho Katumbu anamwalira. Ntchito yomanga inagwera Nyani, poti ndiye anali ndi manja ogwira nyundo.

Nyani ali mkati momanga khoma loyamba, Mkango anafika.

"Iwe Nyani, khomali likundidulira chipinda chodyera. Lilekezere pakati."

"Koma bwana, a Katumbu anati..."

"A Katumbu ali kumanda. Chipewa choyera cha ukapitao ukuchifuna, kapena ndipatse Pusi?"

Nyani anayang'ana chipewa, anayang'ana khoma. Analilekezera pakati.

Pa khoma lachiwiri Mkango anati, "Apa padutsa masitepe anga." Nyani analilekezera pakati. Pa khoma lachitatu Mkango sanavutike n'kubwera komwe. Nyani analilekezera yekha.

Osonkhezera moto pansi pa sitima anali Mfuko ndi abale ake asanu. Tsiku lonyamuka, Mfuko anagogoda khoma ndi chikhadabo.

"Achimwene a Nyani, maso angawa mukuwadziwa, saona patali. Pansi pano ndagogoda, mpolimba. Nanga kumwambako, khomali lafika?"

"Lafika."

"Lachiwiri lija?"

"Lafika."

"Lachitatu?"

"Iwe Mfuko, ukundiyesa mwana? Lafika!"

"Basi, pepani. Ndikawauze amayi a kunyumba asade nkhawa."

Sitima inayenda tsiku loyamba, inayenda lachiwiri. M'mawa wa tsiku lachitatu kunagwa nkhungu, ndipo sitima inagunda mwala. Khoo! Madzi anayamba kulowa kutsogolo.

Abale a Mfuko anataya mafosholo kuti athawe. Mfuko anawabweza. "Musaope, makoma afika kudenga, a Nyani anandiuza okha. Thirani malasha, mawilo asaime, tiwafikitse anzathu kumtunda."

Madzi anadzaza chipinda choyamba, n'kusefukira pamwamba pa khoma. Anadzaza chachiwiri, n'kusefukira. Nyani, ali pamasitepe a Mkango, anawaona akukwera khoma lachitatu. Akanatha kukuwa. Koma kukuwa kunali kudziulula. Anagwira chipewa chake n'kukwera pamwamba.

Mawilo anazungulirabe mpaka gombe linaoneka. Nyama zonse zapamwamba zinasambira n'kupulumuka. Apansi aja sanatuluke ndi mmodzi yemwe.

Pabwalo la mlandu, Njovu anafunsa, "Madzi anadutsa bwanji makoma a Katumbu?"

Mkango anatsokomola, nayang'ana Nyani.

"Mfuko anali ataledzera," anatero Nyani. "Anasiya zitseko zapansi zosatseka."

Kuyambira pamenepo ana a Mfuko akamadutsa, anzawo ankawanena, "Awo ana a chidakwa chomiza sitima!" Mayi wawo atatopa nazo, anakumba dzenje n'kulowa nawo pansi.

Nyani anakalamba ndi chipewa chake. Koma akawerama kuti amwe madzi, ankamva chikhadabo chikugogoda chitsulo. Pachitsime ankachimva, pamtsinje ankachimva, ngakhale m'chikho. Tsiku lina anapita padzenje lija, anavula chipewa, anagwada.

"Odi, mayi."

"Ndani?"

"Ndine Nyani. Mayi, amuna anu sanaledzere. Makoma aja sanafike. Ndinawalekezera pakati ndine. Anandifunsa katatu, ndinawanamiza katatu."

Kenaka mawu anamveka pansi.

"Mukuganiza kuti mwandiuza zachilendo? Bambo a kuno mowa sankaulawa n'komwe. Zimenezi mukunong'onezeranji dzenje? Kanenereni komwe munanamira."

Nyani anapita pabwalo. Ananena zonse, Mkango ali pomwepo. Anamulanda chipewa, anamuthamangitsira kumapiri. Asananyamuke anadzeranso padzenje.

"Mayi, ndanena. Ana atuluke tsopano."

"Mwachita bwino," anatero mayi uja. "Koma mwachedwa, achimwene. Anawa anakulira mumdima, dzuwa likuwawawa m'maso."

N'chifukwa chake mpaka lero mfuko zimakhala pansi, ndipo nyani amakhala pathanthwe, kutali ndi madzi akuya, dzanja lili pamutu pomwe panali chipewa.

Abale anga, ntchito imene mnzako sangathe kuiona ndi maso ake, uigwire mpaka ifike. Ukalakwa, ulula msanga olakwiridwa akadatha kuthandizika. Ine ndinazidziwa mochedwa zimenezi.

Nthano yanga yakocheza pomwepa.