Beseni la pamaliro

Panali kalipentala wina amene sanakwatire. Ankakhala ndi mwamuna mnzake ngati banja, ndipo mudzi wonse unkadziwa. Ankamunena, koma zitseko ndi mabokosi a maliro ankawakhomera ndi iye yemweyo.

Chaka china kunagwa kolera. Pa maliro oyamba, nthawi ya chakudya itakwana, beseni losamba m'manja linayamba kuzungulira monga mwa nthawi zonse: madzi amodzi, anthu makumi atatu. Litafika pa kalipentala uja, mkulu wake wa bere limodzi analikoka.

"Uyu asaviikemo manja. Matendawa abwera chifukwa cha anthu ngati iyeyu."

Mayi wina anakamuthirira madzi a m'kapu kuseri kwa nyumba, nkhope atayang'ana kumbali. Kalipentalayo anadya yekha, m'mbale yakeyake, pafupi ndi khola la mbuzi.

Patapita masiku awiri, ambiri mwa amene anasamba m'beseni muja anayamba kutsegula m'mimba. Kalipentala uja sanadwale. Mumtima anati mwina tsopano azindikira kumene matenda adzera. Koma anthu anati, "Mwaona? Mwini matenda sadwala."

Mkulu wake uja nayenso anagwa. Maso analowa mkati, miyendo n'kumakokana. Mkazi wake anazungulira makomo kufuna woti amunyamule, koma aliyense anali ndi wodwala wake kapena mantha ake. Kalipentala atamva, anasiya thabwa limene ankapala. Anamukweza mkulu wakeyo pa njinga, n'kumumangirira ndi chitenje, n'kuyamba kukankha kulowera kuchipatala.

Atayandikira pamsika, wodwalayo ananong'ona. "Iwe, unditsitse pano. Anthu asatione limodzi."

"Khalani chete, achimwene. Gwirani chishalo."

Sanamutsitse. Anadutsa naye pakati penipeni pa msika, dzuwa lili paliwombo, anthu akupatuka atatseka pakamwa ndi nsalu. Mkuluyo anachira. Zikomo sananene, ndipo pakhomo pa mng'ono wake sanapondepo mpaka lero.

Inu amene mukundimva, ine ndakalamba ndikuona zimenezi, ndipo zanditopetsa. Mliri uliwonse ukagwa, simufunsa kuti ukuyenda bwanji. Mumathamangira kufuna munthu woti mumuloze chala, ndipo nthawi zonse amakhala yemwe munkadana naye kale. Mukatero mitima imakhala pansi, kenako mumapita kukakwirira ana anu. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ichi chokha ndikuchidziwa: tsiku limene miyendo idzakukanikeni, wokunyamulani simudzasankha inu.