Mawu Awiri Padooko

Panali munthu wina woyendetsa ngolo, wouma mutu ngati chitsa cha tsanya. Ukamuuza kuti goli likupweteka ng'ombe, iye ankazikwapula dala kuti uone. Anthu anamutcha Nkhutukumve. Mayina oterewa sagwa kumwamba, abale anga, amabadwira pakamwa pa anthu otopa.

Mng'ono wake yekha ndiye sanatope msanga. Analankhula, analankhula, mpaka tsiku lina pamaliro, pamaso pa khamu lonse, mkuluyo anamukalipira: "Iwe, ndakubereka kumsana uli mamina okhaokha. Undiphunzitsa chiyani?"

Mng'onoyo anachita manyazi kwambiri. Analumbira mumtima kuti pakamwa pake watseka.

Dzinja litafika, awiriwa anakumana padooko la mtsinje. Kumudzi dzuwa linkawala bwinobwino, koma kumapiri kunali bii. Madzi anali atayamba kufiira, akubwera ndi thovu ndi timitengo. Ngakhale mwana amadziwa zimenezo: mtsinje ukudzaza kumtunda. Mkulu uja nayu, ngolo yodzaza feteleza, chikwapu m'manja.

Mawu anafika pakhosi pa mng'onoyo. "Achimwene, dikirani." Mawu awiri okha! Koma manyazi a pamaliro anamuwawanso, nati mumtima: anyoweko pang'ono, mtsinje umuphunzitse, ine ndinalephera. Anayang'ana kumbali.

Mkuluyo anaima pang'ono, namuponyera diso, ngati akudikira mawu oti awatsutse. Atamva kuti kuli zii, anakwapula ng'ombe.

Ali pakati, madzi anafika. Kalanga ine! Mng'onoyo anakuwa tsopano, anathamanga m'mbali mwa mtsinje akukuwa "Achimwene! Achimwene!" mpaka mawu anasasa. Ng'ombe imodzi anaipeza kumunsi itakodwa m'bango, goli lili m'khosi. Mkulu wake sanamupeze. Analira maliro opanda mtembo.

Inu amene mukukondwa kuti masiku ano palibe akukuvutitsani ndi malangizo, musakondwe. Sanakugonjereni, akutayani. Ndipo inu amene mwatopa ndi m'bale wanu, sindikunamizani ayi: mwina ngakhale akanalankhula, mkulu uja akanawolokabe. Mwina. Koma mng'ono uja wakalamba tsopano, ndipo palibe munthu pansi pano amene angamuuze ngati mkulu wake akanadikira.