Nalimata ndi Sisitimu ya Akuluakulu Okha

Kalekale, netiweki isanayambe kuvuta, kunali kampani ya a Mvuu. Iwe wa foniwe, ika pansi kapena uchoke pamoto pano!

Makompyuta onse a pakampanipo ankayendera sisitimu ya Ng'ona. Sisitimu yake inali yokhoma, kiyi kwa mwini wake. Chaka chikatha, makompyuta onse zii! Kuti ayake, Ng'ona ankafuna nyama. A Mvuu ankangoloza Nalimata, wokonza makompyuta wawo. Nalimata mchira dulu, Ng'ona kwapu, makompyuta ngwee. Mchira n'kumera, chaka n'kutha, dulu, kwapu, ngwee.

Chaka china Ng'ona anatumiza uthenga: "Sisitimu yakwezedwa. Michira tasiya. Lachisanu mukonze mutu."

Mutu sumeranso, abale.

Nalimata anathamangira kumsonkhano wa mabwana. Anapeza a Mvuu ndi wachiwiri wawo a Njati akupikisana kumeza masamusa.

"Mabwana, kuli sisitimu ina. Anamanga ndi Achiswe, aliyense kadothi kake. Ilibe loko. Ikavuta umatsegula wekha n'kukonza."

"Zingati?" anafunsa a Mvuu, pakamwa pali tho.

"Ulere, bwana."

Kuseka kwake! A Mvuu anaseka mpaka batani la jekete thaa, kukaswa zenera.

"Ulere? Ine? Ukundiona ngati wa pamzere wa makuponi?"

"Komanso ikafa tikakalipira ndani?" anatero a Njati. "Chiswe chilipo mamiliyoni. Ndikalipire chiti?"

"Koma mutu wanga, bwana..."

"Aliyense pano amadzipereka," anatero a Mvuu. "Tuluka, utseke chitseko."

Nalimata anapsa mtima. Koma anaganiza. Lachinayi anakwera khoma, n'kumata pamwamba pa chitseko cha a Mvuu, foni kukhutu. Foniyo inali yothima.

"Halo, a Njovu? Eee bwana, yanu ija ndaika. Ya Akuluakulu Okha. Ayi, a Mvuu sindinawauze. Sangaithe. Ndi ochepa thupi."

Chitseko phwaa!

"Wochepa thupi ndani?"

"Pepani bwana, si nkhani yanu."

"Ndikuifuna!"

"Siperekedwa wamba. Amayamba ayeza mimba."

A Mvuu anakoka mpweya, mimba tuu, tebulo gubudu. Nalimata anaizungulira ndi chingwe cha chaja, akupukusa mutu.

"Yaperewera pang'ono."

A Mvuu anameza masamusa otsala, mbale yomwe, ndi fayilo ya a Njati.

"Yezanso!"

"Mwina. Koma lamulo lake, wolowa asiyane ndi Ng'ona. Pangano lanu ndi iyeyo ling'ambidwe."

"Kung'amba n'kuchedwa!" A Mvuu analitafuna panganolo, mwee.

Tsiku lomwelo Nalimata anaika sisitimu ya Achiswe ija, yomweyo yaulereyo. Makompyuta ngwee! A Njati anavomereza kuti zinthu zapamwamba zimaoneka ndi kayakidwe.

Lachisanu Ng'ona anafika ndi mchere wake m'thumba.

"Ndadzera mutu."

"Uli ndi apointimenti?" anafunsa a Mvuu.

"Ndithimitsa makompyuta onse!"

Ng'ona anatembenuza kiyi wake, khethe. Palibe. Khethe, khethe. Makompyuta ali ngwee, a Njati akusewerapo bawo. Ng'ona analusa n'kudumphira Nalimata kukhoma. Nalimata n'kuthawira kudenga. Ng'ona chagada phii, pampando wa bwana. A Mvuu, amene sayang'ana pokhala, anakhala. Mpaka lero Ng'ona ndi wophwatalala, kamuoneni.

Patapita sabata, a Mvuu anatsika galimoto pamsika. Anaona Chule, wa kashopu kojambulira nyimbo m'mafoni, ali pa kakompyuta kake kong'aluka. Kuyang'anitsitsa, sisitimu yomweyo!

"Nalimata! Ya Akuluakulu Okha ikutani kwa Chule?"

Nalimata anasuzumira pawindo la galimotoyo.

"Bwana, mwatchuka. Tauni yonse ikukutsanzirani."

A Mvuu anakonza tayi.

"Asiye. Utsogoleri umayamba ndi ine."

Ndiye mwamva. Wamkulu ukam'patsa chinthu m'manja amanunkhiza n'kukana. Ukachibisa kumbuyo, amakuthyola mkono. Phulani mbatata zanuzo zisanapserere, nthano yanga yathera pomwepa.