Maloko Atatu pa Kanyumba ka Njinga

Panali munthu wina, mlimi wa kuseri kwa dambo, amene anali ndi njinga yamoto yofiira. Sinali yatsopano. Anaigula itayenda kale, iyenso nkuiyendetsa zaka zambiri. Ndi imene inkanyamula feteleza, ndi imenenso inkatengera mkazi wake, a Nankhoma, kuchipatala mwendo wawo ukatupa.

Kwawoko mvula ikayamba, msewu umatha. Dambo limadzaza, makande amagwira tayala osalisiya, ndipo palibe njinga imene imawoloka mpaka chimanga chitauma. Choncho chaka chilichonse, mitambo ikayamba kuda, mlimi uja ankaigoneka njinga yake. Ndi mmene ankanenera mwini wake: kuigoneka.

Ankayamba ndi kuitsuka. Petulo ankamukhuthulira m'chigubu, kenako ankailiza nkuisiya ikulira mpaka izime yokha, chifukwa ankati petulo akagona m'mimba mwa njinga dzinja lonse amasanduka manyuchi. Ankachotsa batire nkukasunga m'nyumba pouma. Ankapaka oyilo patcheni ndi nthenga ya nkhuku. Ankaikweza panjerwa kuti matayala asakhudze dothi. Paipi yotulutsa utsi ankaitseka ndi chitsononkho chosemedwa bwino, kuti mavu asamangemo. Pomaliza ankaifunditsa pulasitiki ndi ziguduli, nkutseka kanyumba kake ka udzu. Ntchito yonseyi inkatha dzuwa lisanafike pamutu.

Munthuyu anali ndi mwana wamwamuna, dzina lake Yotamu. Kuyambira ali wamng'ono, Yotamu ndiye ankagwira chigubu, ndiye ankasunthira njerwa pansi pa njinga bambo ake ataitukula. Atakula ankatha kuchita zonse yekha. Pamudzi wonsewo panalibenso wina wodziwa ntchitoyi.

Chaka china, nthawi yotentha mvula isanagwe, mlimi uja anadwala. Sanagone nthawi yaitali. Anamwalira njinga ili m'kanyumba mmene anaiimikira atachokera kumsika, thanki ili ndi petulo, matayala ali pansi.

Abale anabwera ambiri. Ena mwa iwo sanapondeko kuchipatala pamene iye ankabuula, koma kumaliro analira mokweza kuposa mkazi wake. Anthu asanabalalike, mng'ono wa malemu, a Gelesomu, anatulutsa loko m'thumba la jekete nkutseka kanyumba kaja. Anati chuma chamasiye sachikhudza mpaka anthu atakolola, banja lonse litakhala pansi. Mlongo wa malemu ataona zimenezo anatuma mwana wake kukagula loko wina, nayenso nkukhoma pachitseko chomwecho. Anati akusungira onse.

Maliro atatha, mphepo inasintha. A Nankhoma anayang'ana kumwamba, nkuitana mwana wawo.

"Mvula yayandikira, mwanawe. Pita kwa bambo ako aang'ono ukapemphe makiyi. Ukangoigoneka basi, iwo akuonerera. Ukatha atsekenso."

Yotamu anapita. Anawapeza a Gelesomu pansi pa mtengo wa mango, ali ndi anzawo, akusewera bawo. Asanakhale nkomwe, iwo anadzutsa mutu.

"Afika a injiniya. Dothi la pamanda silinaume, inu mwayamba kale kuzungulira njinga?"

Anzawo aja anaseka. Mawu amene Yotamu anabwera nawo anali ochepa, ndipo anali kale pakamwa. Akanangonjuta pansi nkufotokoza za petulo, za batire, za njerwa, mwina akanamunyoza pang'ono koma makiyi akanatuluka. A Gelesomu sankadziwa kuti njinga imaola ili chiimire. Ankaiona ngati khasu, loti ukhoza kuliponya pakona nkulipeza chaka chamawa. Amene ankadziwa anali Yotamu yekha.

Koma kuseka kuja kunamulowa m'makutu. Anawayankha kuti wangobwera kudzaona ngati akuba adzuka bwino. Anatembenuka, nkuyenda wapansi kupita kumsika. Anagula loko wamkulu kuposa awiri aja, ndi chitsulo chokolekapo. Atafika kunyumba anakhomera chitsulocho pachitseko cha kanyumba, nkutseka. Amayi ake anamva kulira kwa hamala. Anaima pakhomo nkumuyang'ana mpaka anamaliza, kenako analowa m'nyumba.

Patapita masiku, mkazi wa a Gelesomu anadzera kumunda nkumunong'oneza Yotamu kuti amuna awo afewa, ndipo akangopita kukapepesa amupatsa kiyi, wa azakhali akenso akamutengera okha. Yotamu anati ayambe iwo kuchotsa maloko awo, popeza ndi iwo anayamba kukhoma. Mayiyo anapukusa mutu nkumapita.

Mvula inagwa.

M'mawa uliwonse popita kumunda, Yotamu ankadutsa pakanyumba kaja. Anaona udzu wa padenga ukutitimira pakati. Anaona madzi akulowa pansi pa chitseko. Tsiku lina anamva fungo la petulo wowawasa likutuluka m'ming'alu, ndipo anadziwa chimene chayamba m'mimba mwa njinga. Ena onse ankagona tulo, aliyense ndi kiyi wake, akuganiza kuti chuma chili chosungika. Iye yekha ankachiona chikuwonongeka ngati kuti khoma panalibe. Anayamba kudzera kuseri kwa khola kuti asamaone chitsekocho. Kiyi wake ankayenda naye m'thumba, ndipo dzanja likamukhudza ankalibweza msanga.

Pakati pa dzinja mwendo wa a Nankhoma unatupanso. Ankauthowa ndi madzi otentha, nkumati palibe kanthu, msewu ukauma mwana wawo adzawatengera panjinga monga ankachitira bambo ake. Yotamu ankangoti inde, maso ali pansi.

Anthu atakolola, banja linasonkhana. Anabwera ndi makiyi atatu. Loko wa a Gelesomu anatseguka, wa azakhali anatseguka, wa Yotamu anavuta chifukwa cha dzimbiri mpaka anachita kumuthira mafuta ophikira. Anakankha chitseko.

Njinga inali itapendekera kukhoma. Matayala anali ataphwa nkumira m'matope amene anaumira pomwepo. Tcheni chinali chofiira kuposa njinga yomwe. Batire linali litatupa nkutaya madzi ake, ndipo madziwo anadya nthambo ndi chitsulo. Makoswe anaboola chishalo nkuswanamo. Yotamu atatsegula thanki munatuluka fungo loti ana anathawira panja.

Anaikokabe mpaka pabwalo. Yotamu anaponda kiki kuti ailize, koma kikiyo sanatsike. Anapondanso ndi thupi lonse. Injini inali itagwirana.

A Gelesomu anakhosomola nkunena kuti ataganiza bwino, njinga ndi ya mwana wa malemu, iwo alibe nayo mawu. Azakhali anavomereza msanga. Onse anatolera maloko awo, popeza malokowo anali adakali abwino, nkupita kukhola kukawerenga mbuzi.

Yotamu anabwerera m'kanyumba kuti asaonane ndi munthu. Maso atazolowera mdima, anaona zinthu kuseri kwa chitseko. Panali njerwa zosanjikidwa bwino. Pamwamba pake panali chigubu chopanda kanthu, kabotolo ka oyilo, nthenga ya nkhuku ndi pulasitiki wopindidwa. Pambali panali chitsononkho. Bambo ake anali atakonzeratu zonse asanadwale, akungodikira mitambo.

A Nankhoma analowa pambuyo pake, akutsimphina. Anatola chitsononkho chija nkuchitembenuza m'manja.

"Anali atasema kale bambo ako," anatero. Anachimanga kunsonga ya chitenje nkutuluka.

Mawa lake anayamba ulendo wa kuchipatala wapansi, ndi ndodo, kudzera padambo louma pamene njinga inkadutsa kale. Yotamu anawanyamulira kathumba. Njira inali yotakata yoti anthu awiri nkuyenda moyandikana, koma iye anayenda kumbuyo njira yonse.

Tsono inu amene mukumva, inu obwera kumaliro ndi mpango wopukutira misozi m'thumba ili ndi loko m'thumba linalo, musati nkhaniyi yakusiyani. Mumatsekera zinthu zimene simunagule, zimene simudziwa nkomwe kasamalidwe kake, ndipo zikaola mumatola maloko anu nkupita kukawerenga mbuzi. Wamasiye ndiye amayenda wapansi.

Koma iwe amene unaphunzitsidwa, iwe amene womwalirayo anakugwiritsa chigubu ndi manja ake, manyazi ako ndi aakulu kuposa awo. Iwo sankadziwa chimene chikuchitika kuseri kwa chitseko. Ngati pali chimene anakusiyira choti uchite mvula isanagwe, pita lero ukanjute pamaso pa amene akukusekawo, upemphe kiyi. Akuseke mmene angafunire. Kuseka kwawo sikufika madzulo, koma amayi ako akayamba kutsimphina padambo, udzaona phazi lililonse uli kumbuyo kwawo.