Tsiku Limene Limba Linakana Kulira

Kalekale, ana inu, pamudzi wina kuseri kwa phiri panali mayi dzina lake Nangondo. Ndiye ankayambitsa nyimbo pamaliro. Kumeneko munthu sankaikidwa popanda nyimbo, poti ankati wopita mwakachetechete amasochera panjira. Nangondo akangoyambitsa, mudzi wonse unkalandira.

Tsiku lina kutchalitchi kunabwera limba lopopa ndi mapazi. Woliimba anali mphunzitsi wapamudzipo, a Chimtengo. Kudzimva kwake munthu ameneyo! Anapopa, anapopa, limba linalira. Nangondo anayambitsa nyimbo monga mwa masiku onse, koma mawu ake sanagwirizane ndi limba.

"Mayi, mukusokoneza limba," anatero a Chimtengo pamaso pa anthu. "Khalani chete, muzingomvetsera."

"Ndamva, aphunzitsi," anayankha Nangondo.

Anakhaladi chete. Chaka chinatha, ali chete. Zaka zisanu, ali chete. Pamaliro amuna anayi ankasenza limba mpaka kumanda. Anthu anaiwala kuyamba nyimbo paokha, ankangodikira limba liwatsogolere.

Ndiye dzinja lina mkazi wa a Chimtengo anamwalira. Kumanda, bokosi lili pambali pa dzenje, a Chimtengo anakhala palimba. Anapopa, anapopa: fuu! Mphepo yokhayokha. Makoswe anali atadya chikopa cha mvukuto wake.

Anthu anayang'anana. Panalibe wodziwa poyambira.

A Chimtengo anagwada m'matope pamaso pa Nangondo.

"Mayi, ndinakulakwirani. Muimbireni mkazi wanga, asasochere."

Nangondo sanasunge mangawa, ayi. Malemuwo anali mnzake wotunga naye madzi. Anaimirira, natsegula pakamwa. M'kamwamo munatuluka mphepo yokhayokha. Anayesanso, misozi ili chuchuchu. Mphepo yokhayokha! Mawu aja anali atafera kukhosi kalekale.

Adzukulu okumba manda anadikira, anadikira, kenako anatola makasu nakwirira. Kunkangomveka dothi likugwera pabokosi. Ine ndikafika pamenepa mtima umandiwawa.

A Chimtengo sanakhudzenso limba. Anakalamba akuyendayenda m'njira yakumanda, kuimitsa aliyense wodutsa.

"Pepani, kodi simunakumane ndi mkazi wanga? Njira sakuidziwa."

Yanga yathera pamenepa, sonkhezani moto usazime. Mukatseka mnzanu pakamwa, tsiku lofuna mawu ake simudzawapeza.