Nyumba ya Kudambo

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, a Bizwell Daka anali munthu wofunsidwa. Pasukulu ya pulaimale ku Kasenengwa, kumene anali wachiwiri kwa ahedi, ana ankawafunsa za masamu, makolo ankawafunsa za makalata a kuboma, ndipo a mpingo sankaika tsiku la msonkhano asanamve maganizo awo. Pakamwa pawo panazolowera kuyankha, moti liwu loti "kodi" linachita dzimbiri.

Chinthu chimodzi chinkawadya mumtima. Kawiri konse uhedi unawadutsa pamphuno n'kugwera achinyamata obwera ndi madigiri. Kachiwiriko sanadandaule kwa munthu. Anapempha tchuthi cha maphunziro, nakalembetsa payunivesite ina ku Chipata, imvi zitayamba kale kuonekera m'mbali mwa mutu. Chaka choyamba anagonera kwa alamu awo ku Kapata, m'nyumba ya ana asanu ndi wailesi yosatseka pakamwa. Anapirira. Koma chaka chachiwiri chinali cholemba kafukufuku, ndipo anatsimikiza mtima kuti apeze nyumba yawoyawo pafupi ndi sukulu.

Tsiku lobwerera ku Chipata, akazi awo, a Peggy, ankawathandiza kulongedza m'katoni mapepala a kafukufukuyo. Tchuthi chonse a Daka anapalasa njinga m'midzi, kufunsa makolo chifukwa chimene ana amasowera m'kalasi nthawi yokumba nsawa ndi yothyola thonje. Mayankho onse analembedwa pamanja, banja lililonse pepala lake.

"A Daka, nyumba simalaya oti mungoona n'kuvala," anatero a Peggy. "Mukafike kaye kwa achimwene, mufunsefunse kwa anthu odziwa malowo."

"Mayi, maso ndili nawo," iwo anayankha akumanga katoniyo ndi chingwe.

Anaipeza tsiku lomwelo. Inali kumunsi kwa yunivesite, kumene msewu umatsetserekera kudambo: chipinda chogona, pabalaza, malaiti, ndi mpopi pakhomo. Makoma ankanunkha penti watsopano. Unali mwezi wa Ogasiti, fumbi lili koboo, ndipo ngalande yodutsa kuseri kwa nyumbayo inali youma gwaa. Mwininyumba, a Stanley Njobvu, anali munthu woseka ndi mano onse. A Daka anagogoda makoma, anayesa loko, anayatsa getsi n'kuzimitsa, kenaka analandira makiyi.

M'kalasi mwawo munali mtsikana wina, Ireen Mwanza, amene iwo anamuphunzitsa giredi wani kalekale. Iye ankakhala m'bodingi ya ophunzira chakumtunda. Atamva za nyumbayo, anawatsatira potuluka m'kalasi.

"Aphunzitsi, ndamva mwalowa m'nyumba ya a Njobvu. Kodi munafunsako anthu oyandikana nayo? Chifukwa ophunzira ambiri..."

"Ireen," anamudula, "ndine ndinakuphunzitsa kugwira pensulo. Lero ukufuna undiphunzitse kusankha nyumba?"

Mtsikanayo anagwetsa nkhope, napepesa.

Moyang'anana ndi nyumbayo munkakhala mayi wina wogulitsa tomato, a Magalita. Tsiku lina a Daka akudutsa, mayiyo anawaimitsa. "Bambo, poti ndinu achilendo kuno, bedi ndi katundu muzikweze pa njerwa. Malo ano..." A Daka anayang'ana wotchi, nati akuchedwa. Mumtima anati ndi nsanje za anthu a m'komboni zimenezo, sakondwa mnzawo akapeza pabwino.

Miyezi inayi inadutsa mwamtendere. A Daka ankawerenga popanda wowasokoneza, ndipo mayeso oyamba anakhoza kuposa ana amene akanatha kuwabereka. Katoni ya mapepala anaikankhira kunsi kwa bedi, poyembekeza kuti ayamba kuwalowetsa m'kompyuta akamaliza mitu yoyambirira.

Lachitatu lina mu Januwale, ali m'kalasi masana, kumwamba kunada bii. Mvula inagwa ngati ikuthiridwa ndi ndowa, kwa maola atatu osapuma. Madzi onse a m'mapiri ozungulira tauni anatsika kufunafuna njira, ndipo njira yawo inali ngalande ija.

A Daka anafika kunyumba atakwinya buluku mpaka m'mawondo. Atatsegula chitseko, madzi ofiira anawalandira, mbale ndi nsapato zikuyandama. Sanayang'ane matiresi kapena suti yawo ya kutchalitchi. Anagwada m'madzimo n'kupisa manja kunsi kwa bedi. Katoni inaphwasukira m'manja mwawo. Mapepala anali atamatana ngati chigumu chosapsa, inki itasungunuka, mayankho a makolo a ku Kasenengwa atasanduka mawanga a buluu.

Madzi ataphwa, penti wa m'munsi mwa khoma anayamba kusendeka, ndipo pansi pake panaoneka mizere yakale ya matope, wina pamwamba pa unzake.

"Chaka ndi chaka, bambo," anatero a Magalita, amene anabwera ndi tsache kudzathandiza. "Mnyamata amene anali muno chaka chatha anatuluka ndi mapoto okha."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Ndinayamba. Inu munayang'ana wotchi."

A Njobvu atabwera, anatambasula manja. "Aphunzitsi, munayesa loko, munayesa getsi. Za madzi mukanandifunsa, ndikanabisa ngati?"

A Daka anatola mapepala aja, natuluka. Anakhala pa njerwa panja, mapepala owola ali pamiyendo. Anaganiza zobwerera ku Kasenengwa, kukakhalanso pa desiki yawo yakale, n'kumauza anthu kuti maso awavuta. Ganizolo linawachititsa manyazi kuposa matope amene anali m'thupi mwawo. Anaimirira.

M'mawa mwake anapita kwa mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wawo, nafotokoza zonse osadzikometsera. Mphunzitsiyo anapukusa mutu. "Tsiku lopereka silisuntha, a Daka. Kwatsala masabata asanu ndi limodzi. Mwina mudikire chaka chamawa."

"Chaka chamawa tchuthi changa chidzakhala chitatha," anayankha. "Ndibwereranso kumidzi."

Pochoka apo anakwera chitunda kupita kubodingi ya Ireen. Anaima pageti, chipewa chili m'manja, monga ankaimira makolo pakhomo la ofesi yawo.

"Ireen, mwana wanga, ndinakuyankha mwachipongwe tsiku lija. Undikhululukire. Kodi kuno kungapezeke pogona? Ndipo kodi pali njira yosungira mayankho kuti madzi asawadyenso?"

Ireen sanawakumbutse kanthu. Anawapezera bedi m'chipinda cha mnyamata wina wophunzira zaulimi, Chikumbutso, ndipo anawaonetsa kalembedwe ka mafunso pafoni, kuti yankho lililonse lizisungika pa intaneti. Zala za a Daka zinali zolimba ngati zikhasu. Ankadina polakwika, n'kufunsa, n'kudinanso polakwika, n'kufunsanso. Tsiku limenelo anafunsa mafunso ochuluka kuposa amene anafunsa m'zaka khumi.

Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse akaweruka ankakwera minibasi ya ku Kasenengwa. Inali nthawi yopalira, ndipo m'midzi munkatsala nkhuku zokha. Choncho ankawatsata anthu kuminda. Njinga ikatitimira ankaisenza paphewa. Mitsinje ikadzaza ankavula nsapato n'kuwoloka, foni ataikulunga m'pulasitiki n'kuiika m'chipewa. Alimi ena ankaseka. "Aphunzitsi, si tinakuyankhani kale? Kapena mayankho athu anali olakwa?"

"Olakwa ndinali ine," ankatero, ndipo kuti mlimi asataye nthawi, ankatenga khasu n'kupalira naye mzere umodzi kwinaku akufunsa. Ena anakana, nati alibe nthawi yobwereza nkhani imodzi kawiri. A Daka ankathokoza n'kupita pamunda wotsatira.

A Peggy ankawaona akufika kuchokera kuminda Loweruka madzulo, miyendo itatupa, m'manja muli matuza. Sananene kuti ndinakuuzani. Ankangotenthetsa madzi, n'kuwakonzera kamba wa mawa.

Sanawapeze mabanja onse. Mwa atatu alionse a poyamba anapezapo awiri, ndipo kafukufukuyo anatuluka wowonda kuposa mmene ankafunira. Anamupereka tsiku lomaliza, ofesi itatsala pang'ono kutsekedwa. Zotsatira zitatuluka, anakhoza, koma osati pamwamba pamene ankalozera kuyambira tsiku loyamba. Digiri anaitenga, koma ulemu wapadera wa okhoza pamwamba unapita ndi madzi.

Asanachoke ku Chipata, anadutsira kumunsi kuja kukatsazika a Magalita. Anapeza nyumba ija yapakidwanso penti, ikuwala ngati mkwatibwi, ndipo mtsikana wina ali ndi mayi ake akusuzumira pawindo. A Daka anatsika panjinga, nawapatsa moni, nawafotokozera zonse zimene zinawagwera. Mayiyo anagwira pakamwa.

"Zikomo, bambo. Ife tikanalowa lero lomwe."

"Musamvere ine ndekha," anatero a Daka. "Pitani kwa amayi a tomatowo, pitaninso khomo linalo. Amene agona pamalo ndiye adziwa pamene padontha."

Anakweranso njinga yawo, nayamba kupalasa chitunda. Zaka zonse zija ankayesa kuti kufunsa n'kudzichepetsa pamaso pa ana, osadziwa kuti mphindi imodzi yomvetsera ikanawapulumutsa ku masabata asanu ndi limodzi a matope. Munthu angakhale ndi imvi, angakhale ndi maso akuthwa, malo achilendo ali ndi eni ake odziwa nyengo zake. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.