Njinga Yakuda ya Adokotala a Ng'ombe

Pakhomo pa a Fulansisi Sakala, ku Zingalume, tsiku linkayamba ndi fungo la mankhwala a ziweto. A Sakala anali mlangizi wa ziweto, koma anthu a m'midzi ankangowatcha adokotala a ng'ombe. Mmawa uliwonse ankawiritsa majekeseni m'kapoto kakekake, kulongedza mabotolo m'kabokosi kathabwa, kukamangirira pa kaliyala ya njinga yakapalasa, n'kuuyamba ulendo. Zaka zimenezo madibi ambiri osambitsiramo ng'ombe anali atauma. Nkhupakupa zinamanga ufumu m'makola, ndipo nthenda ya chigodola ikalowa m'mudzi, ng'ombe zinkagwa ngati mango akupsa. Munthu mmodziyo ankafunidwa kummawa ndi kumadzulo tsiku lomwelo, miyendo ili iwiri yokha.

M'chaka cha 1996 thonje ndi mtedza zinawakomera mtima. Iwo ndi akazi awo, a Ebelesi, anagwirizana kuti thukuta la zaka zingapo ligule njinga yamoto, kuti bambo azifika msanga kumene ng'ombe yadwala. Atatha kugulitsa zokolola anakwera lole onse awiri kupita ku Chipata.

M'sitolo ina anapezamo njinga ziwiri zimene thumba lawo likanakwanitsa. Yoyamba inali ya mtundu umene alangizi a zaulimi ankakonda kukwera: yamiyendo italiitali ngati kakowa, matayala a manomano, madigadi otchinga matope ali m'mwamba kutali ndi tayala, kumbuyo kuli kaliyala yotakata. Kukongola inalibe. Yachiwiri inaima pakona ngati mkwatibwi. Sinali yakale, koma anaiumba mwamaonekedwe a njinga za makedzana: thanki yakuda yamzere wagolide, nyali imodzi yobulungira ngati mwezi, injini yonse ili poyera yopanda chophimba, mapaipi a utsi akunyezimira moti munthu ankadzionera nkhope.

A Sakala ataiona, miyendo inakana kuchoka. Ali mwana ankaweta ng'ombe za eni ku Mlolo, atavala chiguduli m'chiuno, ndipo mkulu wina wa ku boma ankadutsa mumsewu pa njinga yofanana ndi imeneyi. Iwo ankasiya ng'ombe n'kuithamangira m'fumbi mpaka mpweya kuwathera. Tsopano inali patsogolo pawo, ndipo dzanja lawo linali pa thanki yake.

A Ebelesi anaizungulira njingayo mwakachetechete.

"Atate ake a Malita, nanga kabokosi ka mankhwala kazikhala pati? Kumbuyoku kulibe poika."

"Ndizimangirira pampando ndi mphira. Imeneyo si nkhani."

"Nanga ikawonongeka, zitsulo zake zimapezeka kwathu?"

Mwini sitolo anakweza mapewa. Anati njingayo inali yolimba, koma inapangidwira msewu wa tala, ndipo m'boma lonse la Chadiza sankadziwa munthu wina amene anali nayo. A Ebelesi anamva chenjezo m'mawu amenewa. A Sakala anamvamo ulemu.

"Mwamva, amake Malita? Palibe wina ali nayo."

"Ndamva. N'chifukwa chake ndikuopa. Tinanyamuka kudzagula miyendo, osati chovala."

"Ndakhala ndikupalasa njinga mpaka mawondo kulira. Lero ndiloleni nanenso ndioneke ngati munthu."

Mayiyo sanafune kukangana ndi amuna awo pamaso pa anthu. Anamasula mpango umene munali ndalama, n'kuupereka ndi manja awiri.

M'chilimwe njingayo inachita zonse zimene mtima wa mwini wake unkalakalaka. Ikalira mumsewu wa ku boma, amayi a pachitsime ankatembenuka ndowa zili pamutu. Lamulungu anthu akatuluka m'tchalitchi ankaizungulira, ena n'kumadziyang'anira mano m'mapaipi ake. A Sakala ankaipukuta mmawa ndi madzulo, ndipo pang'ono ndi pang'ono anayamba kusankha njira. Kumene kunali miyala ankaopa kuti ipalika mimba. Kumene kunali minga ndi tchire ankaopa kuti utoto ukalika. Midzi ya kutsidya kwa madambo, imene kale ankaifikira ndi yakapalasa, inayamba kuwaona mwa apo ndi apo ngati mwezi wa m'dzinja.

Tsiku lina anapita nayo ku Pembamoyo kukaonetsa apongozi awo, a Filipo Kamanga, atate a Ebelesi. A Kamanga anali nkhalamba yosalankhulalankhula. Chuma chawo chonse chinali ng'ombe ziwiri zolimira, Kapiteni ndi Mawanga, zimene anazilera kuyambira zili ana. Ng'ombe zimenezo ndizo zinkalima munda wawo, wa mwana wawo Timoti ndi wa mlongo wawo wamasiye. Nkhalambayo inawerama n'kusuzumira pansi pa njingayo.

"Yakongola, akamwini. Koma mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Kuno mvula ikagwa, njira imasanduka phala."

"Ili ndi mphamvu, apongozi. Matope siwaopa."

A Kamanga anangogwedeza mutu n'kubwerera pampando wawo.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera mwaukali. Pofika mu Disembala, nthawi imene aliyense wokhala ndi ng'ombe anali pa pulawo, madambo anali atadzaza kale. Mmawa wina, mvula itagwa mpaka kucha, Timoti anafika ku Zingalume pa njinga yakapalasa, matope mpaka m'mawondo.

"Alamu, kwathu kwaipa. Kapiteni wasiya kudya, m'munsi mwa makutu mwatupa, maso akungotuluka misozi. Mawanga nayenso thupi latentha. Atate akuti mufulumire."

A Sakala anadziwa kuti ndi chigodola. Anadziwanso kuti nthendayi ukaipeza msanga imamva jekeseni, koma ukachedwa imalowa m'mapapo, ndipo pamenepo palibenso chochita. M'kabokosi mwawo munali botolo limodzi lokha la mankhwala ake, lotsiriza, lokwanira ng'ombe ziwirizo.

"Njinga yamotoyo isiyeni, alamu," anatero Timoti ataona kuti akuitulutsa pakhonde. "Dambo la pakati paja ndawoloka njinga ili paphewa. Tengani yakapalasa tidzere njira yachidule."

"Ndi yakapalasa ndikafika dzuwa litapendeka. Ndi iyi ndikupezani musanafike n'komwe."

A Ebelesi anatuluka m'nyumba, mwana ali kumsana.

"Atate ake a Malita, ngati simufuna kuisiya, mupatseni Timoti botololo alisunge m'thumba mwake."

"Kodi dokotala ndi ndani pano? Mankhwala amayenda ndi mwini wake."

Anamangirira kabokosi pampando ndi mphira, n'kuiliza njinga. Timoti anaima pang'ono akuyang'ana mlongo wake, kenako anakwera yake n'kulowera njira ya m'minda.

Pamsewu waukulu njingayo inayenda bwino, ndipo a Sakala anadziuza mumtima kuti anthu amangoopa zinthu zimene sazidziwa. Koma atapatuka kulowa njira ya ngolo, dothi lofiira linayamba kukakamira. Madigadi onyezimira aja anali pafupi kwambiri ndi matayala, choncho matope ankadzaza pakati mpaka tayala kukana kuzungulira. Ankatsika, kutokosa ndi kamtengo, kuyenda pang'ono, kutsikanso. Thukuta linasakanikirana ndi mvula yowaza. Pofika padambo dzuwa linali pamutu, ndipo mtima unali utawathera.

Wanzeru akanaisiya pansi pa mtengo, kunyamula kabokosi n'kuwoloka wapansi. Koma iwo sanafune kusiya njinga yawo patchire, ndiponso ankaona manyazi kukafika kwa apongozi ndi miyendo. Anaikoka moto n'kulowa m'madzi. Pakati pa dambo mimba ya njinga inagunda mwala wobisika. Tayala lakumbuyo linatsetsereka, njinga inagwa cham'mbali n'kuwapanikiza mwendo. Mphira unaduka. Kabokosi kanauluka kukamenya pamwala, chivindikiro n'kutseguka.

Atadzisolola anakwawira kumene kunagwera kabokosi. Majekeseni analipo. Botolo lija linali zidutswa, ndipo mankhwala ake ankayandama pamwamba pa madzi ngati mafuta, kutsetsereka ndi mtsinje. Anayesa kuwatapa ndi manja, ngati munthu wozungulira mutu. Kumbuyo kwawo injini yosaphimba ija inali itamwa madzi n'kukhala chete.

Anafika ku Pembamoyo akutsimphina, dzuwa litapendeka. Timoti anali atafika kalekale. Banja lonse linali kukhola. Kapiteni anali atagona, akupuma movutikira, ndipo a Kamanga anali atagwada pambali pake akumusisita pakhosi. Ataona mkamwini wawo anadzuka, nkhope ikuwala ndi chiyembekezo.

"Mwafika, akamwini. Bayani msanga, wavutika mnzangayu."

 A Sakala anangotambasula manja, m'dzanja limodzi muli khosi la botolo losweka. Nkhalambayo inaliyang'ana nthawi yaitali, kenako inagwadanso pambali pa ng'ombe yake.

Mmawa mwake a Sakala anabwereka njinga ya Timoti kuthamangira ku boma, koma mankhwala anali atatha paliponse, poti chigodola chinali chitabuka m'midzi yambiri. Anakwera lole kukawafuna ku Chipata, koma inkakwawa m'matope ngati kamba. Pobwerera ndi botolo latsopano anapeza chikopa cha Kapiteni chitakhomedwa pansi ndi zikhomo. Mawanga anali akadali moyo, koma thovu linali likutuluka m'mphuno. Anamubaya jekeseni, iwo eni akudziwa kuti akubaya mtembo. Tsiku lotsatira nayenso anatsamira mutu pa mtengo wa khola n'kusiya kupuma.

Anthu anabwera ndi mipeni ndi mabeseni monga mwa chizolowezi. A Kamanga sanayandikire. Anakhala pakhonde, goli lili pamiyendo, akulisisita pamene makosi a ng'ombe zawo analisalalitsa. A Sakala anapita kukanjuta chapatali, mutu uli pansi.

"Apongozi, ndakulakwirani."

Nkhalambayo sinakweze mawu.

"Ng'ombe zimafa, akamwini. Zinafa za atate anga, lero zafa zanga. Zikanafa mankhwala kulibe, ndikanati ndi kufuna kwa Mulungu, ndikanagona tulo. Chondiwawa n'chakuti mankhwala analipo, ndipo ananyamuka pakhomo panu kubwera kuno."

Akanawakalipira, akanawatukwana, mwina zikanapepuka. Mawu ofatsawo anawalowa a Sakala mpaka m'mafupa.

Njinga yamoto ija inatoledwa padambo ndi ngolo ya munthu wina wa m'mudzimo. Ana amene kale ankaithamangira anangoima m'mbali mwa njira kuiyang'ana ikudutsa itagonekedwa pa udzu ngati wodwala. Makaniko wa ku boma ataitsegula anati madzi anapinda chitsulo china m'kati mwa injini, ndipo chitsulo chotero sichikanapezeka ku Chadiza ngakhale ku Chipata. Anatumiza uthenga ku Lusaka. Miyezi inapita, yankho osabwera.

A Ebelesi sananenepo kuti ndinakuuzani. Mmawa wina anangotulutsa makasu awiri, limodzi n'kuliika m'manja mwa amuna awo.

"Minda itatu ija ikudikira. Atate msana unatha kale. Tiyeni."

Dzinja limenelo adokotala a ng'ombe anaoneka atawerama m'munda wa apongozi awo, manja atatuluka matuza. Koma khasu si pulawo. Pamene ankamaliza kugalauza mbali imodzi, mbali ina udzu unali utafika kale m'chiuno. Chimanga chinabzalidwa mochedwa ndipo chinabereka tiana tonyozeka. Nkhokwe ya a Kamanga inaoneka pansi mvula ina isanagwe, ndipo mlongo wawo wamasiye anayamba kuyenda maganyu m'minda ya anzake pa ukalamba wake. A Sakala ankatumiza chimanga kuchokera ku Zingalume, a Kamanga ankalandira ndi kuthokoza mwaulemu, koma kucheza kwawo kwakale sikunabwererenso. M'midzi namonso mbiri inayenda. Munthu ng'ombe yake ikadwala ankatuma uthenga wakuti, "Mukawauze abwere ndi miyendo."

Njinga ija inakhala pakhonde. Utoto wake sunasuluke msanga, ndipo mapaipi ake ankanyezimirabe dzuwa likawomba. Tsiku lina wogula thonje wochokera kutali anaima pakhomopo kupempha madzi akumwa. Ataiona anaimba mluzu, n'kuyamba kuizungulira.

"Koma abambo muli ndi chinthu! Yotere sindinaionepo kuno konse. Munthu wokhala ndi njinga iyi angasowenso chiyani?"

A Sakala anali akumangirira kabokosi kawo pa kaliyala ya yakapalasa. Anamuyang'ana mlendoyo, maso ake akuwala ndi chilakolako chimene iwo ankachidziwa bwino.

"Imwani madzi, achimwene, muzipita," anatero motsitsa mawu. "Imeneyo inadya ng'ombe ziwiri ndi minda itatu."

Anakwera njinga yawo n'kupalasa kulowera kutsidya kwa dambo, kumene ng'ombe ya munthu wina inkawadikira.

Diso limasankha msanga, koma katundu wake amasenza ndi msana, nthawi zina msana wa munthu amene sanasankhe nawo. Akuluakulu anaona patali pamene anati: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.